Dzina Limene Linatsala pa Seva

Mwala woyamba unaswa galasi la kumsewu Tiurma Sitanggang ali chogwada kuseri kwa seva yatsopano, chingwe chili kukamwa, akutukwana chamumtima amene anapanga makinawo. Anamva phwaa! kenako mfuu ya anthu ambiri. Mzinda wa Jakarta unali utayamba kale kuwira ndi zipolowe, utsi uku, utsi uko, koma moto ukamayaka kwa mnzako umangoti zili kutali.

"Koh, mwamva zimenezo?"

"Makutu ndili nawo, Butet. Lumikiza chingwecho."

Koh Hoklay, Mchaina wobadwira mumzinda momwemo, sanatembenuke n'komwe. Anali atakhala pakampando kake kopanda choyedzamira, msana utapindika, maso ali pa sikirini ya seva yakale. Ankamutchula Tiurma kuti Butet, monga Abataki, mtundu wa Tiurmayo, aitanira kamtsikana kalikonse, ngakhale Tiurmayo anali mayi wamkulu ndithu, wa mawu omveka tsidya lina la msewu.

Kampani yawo inkagulitsa matayala a njinga zamoto m'nyumba yopyapyala ya nsanjika zitatu ku Kota, dera lakale la mzindawo. Matayala ankakhala pansi, chipinda cha seva pakati, makalaliki pamwamba. Pamene Koh Hoklay ankayamba ntchito, kompyuta iliyonse inali payokhayokha, ndipo kalaliki akafuna kupatsira mnzake ntchito ankanyamula kadisiki pamanja n'kuyenda nako. Koh ndiye anaboola zipupa, kuyala mawaya, n'kuimika seva yoyamba, chibokosi chotuwa chimene makompyuta onse ankasungamo zinthu zawo. Pulogalamu yoyendetsa chibokosicho inalibe zokongoletsa. Sikirini yakuda bii, zilembo zoyera, ndipo ukafuna kanthu umalemba mawu. Koma zaka zinkatha isanazimepo ndi tsiku limodzi lomwe. Sevayo Koh ankaitcha Mayi Wamkulu, ndipo ankaipukuta fumbi ndi mpango wake wa m'thumba.

Tsopano bwana anali atagula ina, ya pulogalamu yamakono ya timawindo ndi kamuvi kolozera, yotha kulankhulana ndi nthambi ya ku Surabaya ndiponso kutumiza makalata apakompyuta. Bwanayo anamulemba ntchito Tiurma chifukwa cha imeneyi. Mlungu wonsewo awiriwa anali kusamutsa zinthu kuchokera kwa Mayi Wamkulu kupita ku yatsopanoyo, akulumana mawu tsiku ndi tsiku.

"Mwana wakoyu ukangomukhudza pang'ono akuti ndizimitseni ndiyambirenso," ankatero Koh. "Seva yanji yokonda tulo ngati mlonda?"

"Mayi anuwo ku Surabaya amakudziwa? Akalamba, Koh, asiyeni apume."

"Nawenso udzakalamba. Anyamata a ku yunivesite akuti kukubwera ina yaulere. Ndidzakuona ukulira kuseri kwa chitseko."

Akatha kukangana Koh ankamugawira theka la bakmi yake, chakudya chonga supageti, n'kumusankhira nyama yonse kumbali yake. Tiurma ankamukonda mkuluyu, ngakhale akanalola kudulidwa lilime kusiyana n'kuti anene zimenezo.

Koh anali ndi malamulo awiri. Loyamba, seva sizimitsidwa pozula pulagi. Umailembera mawu otsanzika n'kudikira mpaka itavomera. Lachiwiri, aliyense wodzuka pampando, ngakhale ukhale ulendo wa kuchimbudzi, achotse kaye dzina lake pa netiweki. Woiwala ankamukalipira pamaso pa anthu, n'kumubisira kiyibodi mpaka apepese. Anazunza nalo anthu lamuloli mpaka linawalowa m'zala, ankachita osaganiza ngati kutseka mpope. Motero m'nyumba imeneyo dzina likaoneka pa seva, mwini wake ndiye kuti ali pampando. Mayi Wamkulu sananamepo. Munthu mmodzi yekha amene lamuloli linkamuterereka anali Tiurma, poti kumene anaphunzira ntchito anthu ankalowa m'makompyuta atatu nthawi imodzi n'kupita kukadya, palibe wofunsa.

M'mawa umenewo, makalaliki atangofika, bwana anaimba lamya ali kunyumba kwake kuti onse abwerere, zinthu sizili bwino. Anthu anatsika pikitipikiti, aliyense atachotsa dzina lake monga mwa chizolowezi, n'kutulukira khomo la kuseri. Wotsiriza anali Lastri, kalaliki wa zogulitsa, amene anali ndi pakati potopa ndipo masitepe ankatsika chogwira khoma. Tiurma anaona mwayi. Anakwera pamwamba, n'kukhala pa desiki ya Lastri, kulowa ndi dzina la Lastri kuti aone ngati mafayilo ake asamuka bwino. Anavula wotchi yake, poti inkagogoda tebulo akamalemba. Ali mkati momo Koh anamuitana kuti seva yatsopano yaumanso, iye n'kutsika chothamanga, zonse kuzisiya momwemo.

Tsopano lamya ya m'chipinda cha seva inalira. Tiurma analavula chingwe chija n'kuyankha. Anali Ci Mey, mkazi wa Koh.

"Tiur, akadali komweko? Mulungu wanga! Akuwotcha masitolo, akukoka anthu m'magalimoto. Akangoona nkhope ya Chichaina ngati yathu, basi. Iwe sangakukhudze. Undibweretsere mwamuna wanga, Tiur. Ine sandimvera, mwina iwe."

"Ndibwera nawo, Ci. Ndikulonjeza."

Anaika lamya pansi n'kumugwira Koh paphewa. "Dzukani. Tikupita pompano."

"Kwatsala pang'ono kuti zithe kusamuka."

"Koh, akupha anthu kunjaku! Mukufuna ndikunyamuleni ngati thumba la mpunga?"

Pansi, chitseko chachitsulo chinayamba kulira. Gu! Gu! Gu! Ankachimenya ndi zitsulo, ena akuimba, ena akuitana moto. Pak Dulmajid, mlonda wa pakhomo, anatulukira pamasitepe nkhope ili magazi okhaokha, chipewa chitatayika, khutu lake limodzi litang'ambika.

"Ndawauza kuti eni ake kulibe, andiponya njerwa," anatero ali wefuwefu. "Koh, pepani, inu makamaka. Tiyeni kuseri."

Pamenepo ndiye Koh Hoklay anachita mantha, Tiurma anaona milomo yake itayera. Koma dzanja lake linapita pa kiyibodi.

"Zulani pulagi!" anakuwa Tiurma. "Kapena isiyeni choncho!"

"Sindinamuzulepo chiyambire. Tsogolani, ndi mawu amodzi okha, ndikupezani pamasitepe."

Pak Dulmajid anamukoka Tiurma pamkono. Anatsika masitepe a kuseri, ndipo asanafike pansi chitseko chija chinagonja. Anthu analowa ngati madzi osefukira. Amuna ovula malaya, azimayi, ena atamanga nsalu kukamwa, aliyense akulimbirana tayala, awiri akumenyana zibakera chifukwa cha limodzi pamene mazana ali pambali pawo. Umbombo ulibe maso. Wina anali kale kuthira petulo pamakatoni.

Ndipo kuchokera pamwamba panamveka mawu a Koh, akukuwa monga Tiurma anali asanamumvepo.

"Muli munthu! Lastri akadali pamwamba! Seva ikukana, ikuti dzina lake lilipo!"

Tiurma anamva mapazi a Koh akukwera m'malo motsika. Anatembenuka kuti amutsatire, koma mwamuna wina wamtali, tayala lili m'khosi, anamugunda ndi chipaipi pambali pa mutu. Sanamumenye chifukwa cha chidani, anangomuchotsa panjira. Dziko linazungulira. Anamva mchere m'kamwa, anamva Pak Dulmajid akumukwakwaza, zidendene zake zikugunda pansi, kenako kuwala kwa dzuwa.

Anatsitsimuka ali m'kanjira ka kuseri, atatsamira khoma la mayi wogulitsa bakmi. Wina anali kumupukuta kumaso ndi nsalu yonyowa. Tiurma anaphethira, n'kuona chimimba patsogolo pake, kenako nkhope.

"Mbak Tiur, musagwedezeke, mwang'ambika pamutu."

Anali Lastri, amene ankamutchula Mbak, kutanthauza achemwali. Anali atalephera kupeza chokwera, ndiye anabisala kwa mayi wa bakmi kudikira mwamuna wake.

"Iwe uli pano?" anatero Tiurma. "Nanga pamwamba pali ndani?"

"Palibe, Mbak. Ine ndinatuluka kalekale. Dzina ndinachotsa, Koh asadzandibisirenso kiyibodi."

Tiurma anayang'ana pamkono pake. Panali mzere woyera pamene pamakhala wotchi. Anabuula mokweza mpaka Lastri anabwerera m'mbuyo. Anadzuka, anagwa, anadzukanso.

"Mbak, mukupita kuti? Mukapsa!"

Pak Dulmajid anayesa kumutsekereza, iye anamukankha pachifuwa mpaka mkuluyo anakhala pansi. Pakhomo la kuseri panali popachika chozimitsira moto chofiira. Anachizula n'kulowa.

Pansi ponse panali utsi. Tayala likamapsa utsi wake ndi wakuda, wonona, umakanirira kukhosi. Anthu ankatuluka atasenza, akutsokomola, akupondana. Mayi wina anali gada pafupi ndi masitepe, anzake akumudumpha. Tiurma anakwera motsutsana nawo, akugunda ndi chigongono, akutukwana m'Chibataki. Wina anamugwira bulauzi, namuyang'ana nkhope, n'kumusiya. Khungu lake linali chiphaso chake tsiku limenelo, ndipo zimenezi zinamunyansa.

Chipinda cha seva chinali chotsegula. Yatsopano ija anali atainyamula kale, patangotsala mawaya ali lendelende. Mayi Wamkulu palibe anamufuna, anali wolemera ndi wonyansa. Sikirini yake inali ikuyakabe, ndipo Tiurma anawerenga ndi maso ake funso limene Koh analisiya osayankha: munthu mmodzi akadali mkati, Lastri, kodi ndizime ndithu? Kamzere kanali kuphethira, kudikira yankho. Mwamuna wina amene ankafuna zingwe za magetsi anawerama n'kuzula pulagi, sikirini n'kuti thi.

Anawamva asanawaone. Phokoso la nsapato pathupi la munthu silifanana ndi lina lililonse. Pokhotera masitepe opita pamwamba, amuna atatu anali atamuzungulira Koh Hoklay. Anali atadzipinda ngati mwana, dzanja limodzi kumutu, lina atalifumbata pachifuwa, ndipo iwo ankaganiza kuti wafumbata chuma.

"Tambasula, nkhumba iwe! Tambasula!"

Wina anamuponda pamkono. Wina anamumenya ndi thabwa m'nthiti, thabwalo n'kuthyoka. Wachitatu, amene ankaponda kumutu, Tiurma anamudziwa. Anali Karsono, woimika magalimoto pamsewu wawo, munthu amene Koh ankamugulira khofi m'mawa uliwonse n'kumufunsa za ana ake.

"Karsono! Galu iwe!"

Karsono anatembenuka, maso ali psuu, ngati munthu wodzutsidwa kutulo. "Mbak, chokani, izi si zanu."

Tiurma anazula kapini ka chozimitsira chija n'kufinya. Ufa woyera unawapeza kumaso onse atatu. Anayamba kukuwa, akudzigwira m'maso, ndipo iye sanadikire. Ananyamula chitsulo chija ndi manja awiri n'kumusinja nacho Karsono pamphuno. Anamva chinthu chikuphwanyika. Anamusinjanso pakamwa, mano anagwera pamasitepe ngati chimanga. Wa thabwa uja anamugwira tsitsi n'kumugunditsa kukhoma, Tiurma n'kumuluma padzanja mpaka mano ake anakumana ndi fupa. Munthuyo anafuula namuwomba mbama yoti khutu linati ngwee, koma anamusiya. Tiurma anamuponyera chozimitsira chija m'miyendo, munthu n'kugubuduka masitepe onse chamutu. Wachitatu anali atathawa kale.

Karsono anakwawa n'kutsika, magazi ali chuchuchu, akulira ngati mwana. Tiurma sanamumvere chisoni, ndipo mpaka lero sakumumvera.

"Koh. Koh, ndine."

Diso limodzi linatseguka. Linalo linali litatupa n'kutsekeka. Popuma pankamveka kuwira m'chifuwa.

Kutsika kunali kosatheka, moto unali utagwira masitepe apansi ndipo kutentha kunkawawula nkhope. Tiurma anamugwira m'khwapa n'kumukokera m'chipinda cha seva. Anali wopepuka, mafupa okhaokha, munthu wogawira ena nyama yake. Kuseri kwa Mayi Wamkulu kunali zenera limene Koh analimata mapepala kuti dzuwa lisamatenthe makina. Tiurma analiswa ndi kampando kaja. Pansi pake panali denga la malata la mayi wa bakmi.

"Pak Dul! Pak Dul, bwerani kuno!"

Mlonda uja anakwera padenga, malata akubonyoka, ndipo awiriwo anamutsitsa Koh monga anatha, magalasi akuwacheka m'manja. Mwamuna wa Lastri anali atafika ndi ngolo yake yokankha yogulitsira zipatso. Anataya mapapaya pansi n'kumugoneka Koh m'menemo. Anamufunditsa thumba mpaka kumaso kuti nkhope isaoneke.

"Kuchipatala njira atseka," anatero mwamuna wa Lastri. "Akuwotcha matayala pamlatho."

"Ndiye kwawo kwa Koh," anatero Tiurma. "Mlamu wawo ndi dokotala, amakhala nyumba yoyandikana. Ndikankha ndekha, inu tengani mkazi wanu."

Anakankha kudutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba, mmene njinga ziwiri sizipatukirana, kupewa misewu ikuluikulu. Magazi a pamutu pake ankalowa m'diso, ankapukuta ndi phewa. Kumbuyo kwake nyumba ya matayala inali kufuka utsi wofika kumwamba. Pamphambano ina anthu onyamula mafiriji anamufunsa kuti watola chiyani, iye n'kuwayankha kuti ndi mtembo wa bambo ake, afuna awagawire? Anamupatukira.

Pafupi ndi ngalande thumba lija linagwedezeka. Tiurma anaima pamthunzi wa khoma n'kuvundukula.

"Butet."

"Musalankhule, Koh, tatsala pang'ono."

"Pampando panalibe munthu."

Tiurma anagwada m'matope a ngalande. "Lastri ali bwino, anatuluka kale. Ndinali ine, Koh. Ndinalowa ndi dzina lake, ndiye munandiitana, ndiye ndina..."

"Ndikudziwa."

Dzanja lija limene amuna atatu analephera kulitambasula linatambasuka lokha. Zala ziwiri zinali zothyoka. M'katimo munali wotchi ya Tiurma, galasi lake lili bwinobwino.

"Ndakuchotsera dzinalo," anatero Koh, akupuma pakati pa mawu. "Anthu a seva zatsopano inu. Mawa kiyibodi yako suipeza."

"Mubise, Koh. Mubise mwezi wonse, ndipepesa pamaso pa onse."

Koh anayesa kuseka, m'malo mwake munatuluka magazi. "Mayi Wamkulu anazima bwino?"

Tiurma anakumbukira dzanja la munthu uja pa pulagi. "Anazima bwino. Ndinamuyankha ndine, anavomera."

"Chabwino," anatero Koh Hoklay, n'kutseka diso.

Tiurma anamufunditsanso n'kukankha mothamanga, akumulankhulitsa njira yonse. Anamuuza kuti seva yatsopano yabedwa, ndiye akondwere. Anamuuza kuti wamuswa mano Karsono. Anamunena kuti ndi nkhalamba youma mutu, yosamva, yoti ikachira adzaimenya yekha. Penapake pakati pa ngalande ndi msewu wa kwawo kuwira kuja kwa m'chifuwa kunaleka, ndipo Tiurma anamva kuti kwaleka, koma sanaime ndipo sanasiye kulankhula.

Ci Mey anali kusuzumira pampata wa geti. Ataona Tiurma akutulukira pakona anatsegula geti lonse, osaopanso kanthu, n'kuthamanga wopanda nsapato, manja ali m'mwamba.

"Wabwera naye! Tiur, wabwera naye!"

Kenako anaona mapazi otulukira kunja kwa thumba, nsapato imodzi palibe, ndipo liwiro lake linayamba kuchepa. Tiurma anaimika ngolo. Wotchi ija inali m'dzanja lake, ikuyendabe.

"Ndabwera nawo, Ci," anatero.